Mayi Makiyi Afuna Gulu

Kwa zaka zisanu ndi zinayi, munthu woyamba kulowa mu Holo Yaing'ono ya pa yunivesite m'mawa uliwonse anali mayi wina wamfupi, wa mapewa otambalala, amene ophunzira ankamutchula kuti Makiyi. Dzinalo silinali lachipongwe kwenikweni. Ankayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, moti unkamumva asanaoneke. Ntchito yake inali kusesa, kukolopa, kufufuta mabolodi, ndi kuyala mipando ya pulasitiki misonkhano ya magulu a ophunzira isanayambe. Akwaya ankafuna mizere inayi yokhota. Azisudzo ankafuna pakati popanda kanthu. A mtsutso ankafuna matebulo awiri oyang'anizana, mipando makumi anayi kumbuyo kwake. Zonsezi ankazidziwa popanda womuuza.

Chimene ophunzira sankadziwa n'chakuti bolodi lililonse ankayamba waliwerenga asanalifufute. Mayeso otsiriza a sekondale anawalemba katatu. Kawiri konse anabwerako manja ali m'khosi, ndipo kachitatu, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, anakhoza bwino moti yunivesite yomwe ankakolopayo inamutenga kuti aphunzire zauphunzitsi. Mwamuna wake, telala wosokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, si munthu wa mawu ambiri. Atamva nkhaniyo anangoti, "Chabwino," kenako anakhala masiku atatu akusoka masiketi awiri ndi chikwama cha mabuku cha zipi ziwiri.

Tsiku lobweza makiyi, kapitawo wa okolopa anawalandira ndi nkhope ya pamaliro.

"Mayi, malo anu sindilembapo munthu mpaka mwezi uno uthe," anatero. "Sikuti ndikukutembererani ayi, koma ine ndaona zambiri pano. Zikakuvutani uko, yunifolomu yanu ilipo."

Anthu ena chifundo chawo chimaluma kuposa mwano. Kapitawoyo ankaona ngati wachita zabwino, koma kuyambira tsikulo Makiyi ankayenda ndi mawuwo pamsana. Chinanso, kusunga malo kunatanthauza kuti nyumba ziwiri zonse zokolopa, holo ya Makiyi ija ndi nyumba ina ya pa yunivesitepo, zinagwera mnzake wa ndowa imodzi, mayi wamtali wodandaula msana, amene anzake ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatseka.

Sabata yoyamba, a chaka choyamba onse analandira khadi lachikasu lokhala ndi chithunzi cha mwini wake. Lamulo linali lakuti aliyense alowe gulu limodzi la ophunzira, afike pa msonkhano wake, alembe dzina m'kaundula, ndipo wapampando wa gululo asaine pakhadipo. Makhadi ankayenera kubwezedwa Lachisanu la sabata yachitatu. Wopanda siginecha ankalephera kaphunziro kena kakang'ono ka chaka choyamba. Kwa ana ochokera kusekondale imeneyi inali nkhani yoseketsa. Kwa olowa ali akuluakulu, amene ankaloledwa mongoyesa, kulephera phunziro limodzi kunali kokwanira kuti awaonetse chipata.

Makiyi sanade nkhawa. Ndani ankawadziwa magulu amenewa kuposa iye? Ankadziwa gulu limene limayamba mochedwa, limene limasiya zinyalala, limene wapampando wake amakalipa. Tsiku loonetsa magulu anavala siketi yatsopano yobiriwira, chikwama paphewa, n'kulowa mu holo yaikulu. Munali matebulo mbali zonse, zikwangwani, nyimbo, achinyamata akuitanira ngati mumsika. Anayenda pang'onopang'ono, mtima ukugunda ngati wa mkwatibwi.

Pa tebulo loyamba, la gulu losamalira zachilengedwe, mnyamata wa tsitsi lopota anamuona n'kumwetulira kwambiri.

"Eee, mayi Makiyi! Mulungu ndi wabwino. Taonani wina watayira chakumwa apa, anthu aterereka."

Apa ndi pamene Makiyi anayenera kutulutsa khadi lija. Koma manja a munthu ali ndi nzeru zawo. Mutu usanaganize, miyendo inali itamufikitsa kale kuseri kwa chitseko kumene chikolopa chimakhala. Anakolopa, atavala siketi yatsopano, chikwama cha zipi ziwiri chikulendewera, ndipo anakolopa bwino. Mnyamatayo anati, "Inu ndinu dolo," n'kutembenukira kwa atsikana awiri amene ankafuna kulembetsa. Makiyi anatola timapepala ta magulu patebulo lililonse mosaonetsera, ngati akuba, n'kutuluka.

Kunyumba anatiyala pamphasa madzulo dzuwa lisanalowe. Mwana wake wamkazi, wa fomu yachiwiri, anatola ka mpira wa manja n'kuseka mpaka kutsamwa.

"Amayi, ndi mawondo anuwo?"

"Choka apa iwe, kaone madzi pamoto."

Telala anayang'ana timapepalato ali ndi ulusi kukamwa. "Amake mwana, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani chimodzi. Mtima wanu uli pati?"

Mtima wake unali pa mtsutso, koma sananene. Zaka zonse zija, Lachinayi lililonse, ankaimirira pakhomo la kumbuyo kudikira kuti atseke, akumvetsera ana aja akutsutsana. Ankawayankha mumtima, ndipo nthawi zambiri ankawagonjetsa. Koma kuyankha mumtima n'kwina, kuimirira pamaso pa anthu makumi anayi olankhula Chingerezi chotulukira m'mphuno n'kwinanso. Anaganiza zoyamba ndi chosavuta.

"Ndiyamba ndayesa kwaya," anatero. "Kuimba sikufuna digiri."

Kwaya inkakumana Lachiwiri nthawi ya folo koloko. Makiyi anafika itangokwana fili. Sanachite kuganiza. Zaka zisanu ndi zinayi msonkhano wa folo kwa iye unali wa fili, basi. Anapeza Wailesi atatsegula holo n'kuthamangira kunyumba ina, mipando ili milumilu kukhoma. Anakhala pawindo, chikwama pamiyendo, n'kudziuza kuti ntchitoyo si yake. Anapirira mphindi khumi. Kenako anati angotsitsa mulu umodzi kuti athandize mnzake wa msana. Pomwe oimba ankayamba kulowa, mizere inayi yokhota inali itayalidwa, mawindo ali otsegula, piyano yopukutidwa.

"Zikomo mayi Makiyi!" "Mwaswera bwanji amayi?" Anamupatsa moni bwino ndithu, sindingawanamizire. Iye anaima kumbuyo kudikira kuti onse akhale, monga munthu waulemu achitira, ndipo onse atakhala sipanatsale mpando. Kaundula anayenda mzere ndi mzere, kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo, n'kubwerera kutsogolo. Anaimba ola lathunthu. Makiyi ankadziwa nyimbo zonse, mawu achiwiri ndi achitatu omwe, koma anangotsegula milomo pang'ono.

Pamapeto anadzikakamiza kupita kwa wotsogolera kwaya, mtsikana wa ndolo zazikulu.

"Achemwali, pepani. Inetu ndabwera kudzaimba. Ndine wa chaka choyamba."

Mtsikanayo anaseka kuchokera pansi pa mtima, n'kumugwira paphewa. "Amayi inu nthabwala simudzasiya! Mwamva anzanga? Akuti ndi a chaka choyamba!" Ena atatu anasekanso. "Musaiwale mawindo akumbuyowo, dzana mvula inalowa."

Khadi linali m'chikwama, m'zipi yaing'ono. Kutsegula zipi ndi ntchito ya kamphindi. Koma kuseka kuja kunamuumitsa manja. Anatseka mawindo.

Lachinayi lake anafika mpaka pakhomo la a mtsutso, anamva Chingerezi chikuphulika m'katimo, n'kubwerera. Sabata yachiwiri anayesa azisudzo. Anafikanso ola lathunthu nthawi isanakwane, anakankhira mipando kukhoma kuti pakati pakhale popanda kanthu, ndipo iwo atafika anamutuma kukafuna chingwe chamagetsi. Anachipeza, chifukwa ankadziwa kumene chimabisidwa, koma pobwera anapeza magawo a sewero atagawana kale ndipo kaundula ali m'chikwama cha mlembi. Loweruka anapita ndi a zachilengedwe kukatola zinyalala kuseri kwa malo ogona ophunzira. Ena ankatola ndi zala ziwiri, mphuno atakwinya. Iye anadzaza matumba asanu ndi limodzi. Pojambula chithunzi anamuika pakati penipeni, ndipo mtima wake unadumpha, poganiza kuti tsopano zatheka. Lolemba anachiona chitapachikidwa pa bolodi la zidziwitso. Pansi pake analemba kuti gululo likuthokoza ogwira ntchito pa yunivesite amene anadzipereka kudzathandiza ophunzira.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akumudutsa. Sanakwiye. Mkwiyo ukanamuthandiza. Chimene chinamugwira ndi mantha. M'kalasi zinthu sizinali zosiyana kwenikweni. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo tsiku lina mphunzitsi wamkulu atamuona anayang'ana wotchi n'kufunsa ngati akufuna kutseka chipindacho. Kalasi ina itasinthidwa nthawi, onse anamva kudzera pa gulu la pafoni. Iye yekha anakhala m'chipinda chopanda anthu ola lathunthu, chifukwa panalibe amene anaganizapo zomufunsa nambala.

Kunyumba ankanama. Telala akafunsa za kwaya, ankayankha kuti ikuyenda bwino. Bamboyo ankangogwedeza mutu, ndipo tsiku lina anamusokera kansalu kokutira buku la nyimbo limene Makiyi analibe.

Lachitatu la sabata yachitatu, masana, anapezeka ali m'kachipinda ka matsache kapansi pa masitepe. Ndi kumene ankadyera masiku onsewa, popeza m'kantini ya ophunzira sankadziwa pokhala. M'kachipindamo munkanunkha sopo wa pansi ndi zikolopa zonyowa. Anakhala pa ndowa yovundikira, khadi lachikasu m'manja, n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, kwa mamina. Wailesi anamupeza chomwecho.

"Iwe, wafedwa?"

"Mnzanga, ine ndatha. Mkuja ndi Lachisanu. Khadi ili lilibe kanthu. Ndayenda magulu atatu, onse akundiona ngati chikolopa chovala siketi."

Wailesi anatsitsa ndowa yake, anagwira m'chiuno n'kudziwongola pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika. Kenako anayatsa wailesi yake.

"Ndiye umafuna akuone bwanji? Ine ndimalowa mu holo ndikupeza mipando yoyalidwa, ndimati kodi kuli mzukwa wachifundo? Ndiwe! Unamuonapo mwana wa sukulu akufika ola lathunthu msonkhano usanayambe? Unamuonapo akupukuta piyano? Mwana wa sukulu amafika mochedwa, maso pafoni, amakhala pampando osafunsa amene wauyala. Akataya pepala amaliyang'ana likugwa. Vuto lako si Chingerezi, vuto lako ndi manjawo. Uwamange!"

"Ndione mipando ili milumilu, ine n'kungokhala?"

"Eya! Ungokhala. Mawa kuli chiyani?"

"Mtsutso."

"Basi. Ufike itadutsa folo. Ukandiona, sundidziwa, ine sindikudziwa."

"Mipando makumi anayi wekha, ndi msana umenewu? Ndine ndakusenzetsa nyumba ziwiri."

"Msana ndi wanga, usandiwerengere. Kapena ukufuna kubwerera? Yunifolomu yako ndi iyo pamsomali, palibe waikhudza."

Inalidi pamenepo, yabuluu, yokhala ndi chigamba pathumba. Makiyi anaiyang'ana ndipo chimene chinamuopsa n'chakuti anaiona yokongola. M'menemo munalibe womuseka. Nthawi yomweyo kapitawo anasuzumira pakhomo, kaundula wake m'khwapa.

"Mayi, mwezi ukutha. Lolemba mundiuze chimodzi, ndilembe munthu kapena ayi. Anzanuwa akuvutika."

Lachinayi, kuyambira fili koloko mpaka folo, linali ola lalitali kuposa onse amene Makiyi anakhalapo ndi moyo. Anakabisala kuseri kwa laibulale, pa benchi la simenti, miyendo ikumuyabwa. Ankadziwa kuti pakali pano matebulo awiri amayenera kukhala atatulutsidwa. Kawiri anaimirira, kawiri anakhalanso. Anakhalira manja ake enieni, kuwapanikiza pansi pa ntchafu ngati mwana wolangidwa. Wotchi ya pafoni itadutsa folo ndi mphindi zisanu, ananyamuka.

Anapeza zimene sanayembekezere. Holo inali yotseka. Ophunzira pafupifupi makumi anayi anali atadzaza m'khonde, ena atatsamira khoma, ena akugogoda chitseko ngati kuti chimva. Wailesi anali atachedwa kunyumba ina ija. Wapampando wa mtsutso, mnyamata wa jekete lakuda ngakhale kunkatentha, ankayenda uku ndi uku akuyang'ana wotchi. Atamuona anakweza manja.

"Afika! Anzanga, mayi Makiyi afika! Amayi, mwatichedwetsa lero. Tatsegulani msanga."

Anthu anapatuka kumupatsa njira yopita kuchitseko. Makiyi anaima.

"Ndilibe makiyi."

"Ndiye thamangani mukatenge. Nthawi yatha."

Dzanja lake linapeza zipi yaing'ono ija. Inakakamira pa ulusi, anaikoka mwamphamvu, ndipo khadi linatuluka litapindika pakona. Analikweza pachifuwa ndi manja awiri.

"Sindigwiranso ntchito kuno. Ndine wa chaka choyamba. Ndabwera ku mtsutso."

Wina kumbuyo anayamba kuseka, koma anasiyira panjira. Mlembi wa gululo, mtsikana wowonda wa magalasi, anayandikira, anatenga khadilo, anayang'ana chithunzi, anayang'ana nkhope, n'kuyang'ananso chithunzi.

"Ndi zoona," anatero. "Ndi a zauphunzitsi."

Wapampando anakonza kolala ya jekete lake imene inali bwinobwino. "Oho. Pepani amayi. Ndiye... takulandirani." Anayang'ananso wotchi.

Pamenepo kunamveka kulira kwa makiyi pamasitepe. Wailesi ankakwera, ndowa dzanja lina, chikolopa dzanja lina, akukoka mwendo. Thukuta linali litanyowetsa yunifolomu kumsana konse. Anadutsa pafupi ndi Makiyi osatembenuka, n'kutsegula chitseko. M'katimo munali moipa. Ena anachitiramo phwando masana, pansi panali zakumwa zomata ndi mapepala, ndipo mipando yonse inali milumilu kukhoma la kumbuyo.

Ophunzira analowa n'kufola m'mbali mwa khoma, aliyense maso pafoni, kudikira. Makiyi anali ataona zimenezi kambirimbiri, koma anali asanazionepo ali mbali ino ya chipinda. Anaima pakati pa mtsikana wa magalasi ndi mnyamata wina wotafuna chingamu. Wailesi anakoka tebulo loyamba yekha, miyendo yake ikukwekweza pansi. Anakoka lachiwiri. Kenako anayamba mipando, inayi inayi, ndipo mulu uliwonse asanaunyamule ankayamba waluma mlomo. Pa ulendo wachisanu anaima pakati pa holo, anatsitsa mipando, anagwira m'chiuno n'kutsinzina.

Phazi la Makiyi linasuntha lokha. Mulu wina unali pafupi naye, akanangotambasula dzanja. Ankadziwa kuti awiri akanamaliza m'mphindi zitatu. Ankadziwanso kuti akangonyamula mpando umodzi, anthu makumi anayi aja apuma mpweya wabwino, zinthu zibwerera m'malo mwake, ndipo wina amupempha kuti atsegule mawindo. Anabweza phazilo. Anagwira lamba wa chikwama ndi manja onse awiri mpaka zala zinachita dzanzi.

"Changu pang'ono amayi," wapampando anauza Wailesi. "Tachedwa kale ndi mphindi makumi awiri."

Wailesi ananyamulanso mulu wina.

Mipando itakwana, onse anathamangira kukhala. Mtsikana wa magalasi anagwira Makiyi pamkono n'kumukhazika pa mzere wachitatu, pakati. Mpandowo unali ndi mng'alu kumbuyo, ndipo Makiyi anauzindikira, chifukwa ndi umene ankauika kumapeto kuti usang'ambe zovala za ana a eni. Kaundula anabwera kuchokera kumanzere. Mnyamata wa chingamu anamupatsira pamodzi ndi cholembera, osamuyang'ana n'komwe, monga akanapatsira wina aliyense. Analemba dzina lake lonse, pang'onopang'ono. Mlembi anasonkhanitsa makhadi a chaka choyamba, wapampando anawasaina mofulumira ali chiimire, ndipo lake linabwerera m'manja mwake inki isanaume. Kunali kakukhwatcha chabe, kosawerengeka. Makiyi anakayang'ana ndipo anamva chimwemwe, chachikulu ndithu, chosakanikirana ndi manyazi amene anali asanawamvepo.

Woyankhula woyamba anaimirira n'kuyamba kupereka moni kwa wapampando. Pansi panali pomatabe, nsapato zikulira munthu akasuntha, choncho Wailesi anayamba kukolopa mwakachetechete pakati pa mizere, kuchokera kumbuyo. Makiyi ankamva chikolopa chikuyandikira, mzere wachisanu, mzere wachinayi. Sanamve ngakhale liwu limodzi la mtsutsowo. Anakonza mawu oti anong'oneze, pepani, kapena zikomo, kapena ndikupeza tikatuluka.

Wailesi anafika pa mzere wachitatu, atawerama, maso ali pansi. Anadutsa mnyamata wa chingamu. Atafika pa nsapato zakuda zimene anathandiza yekha kusankha pamsika mwezi wathawu, sanadzutse mutu.

"Pepani achemwali, takwezani miyendo."

Makiyi anakweza miyendo. Chikolopa chinadutsa pansi pake kawiri n'kupitirira kwa wotsatira. Iye anakhalabe chikwezere mpaka pansipo panauma.